Kamera Yomeza ndi Mafunso a Agogo aNaphiri

Agogo aNaphiri anali pakhonde akutsuka zam'kati za mbuzi, matumbo akuwasolola ndi zala ziwiri n'kumawaunjika m'beseni, pomwe mdzukulu wawo Yamikani, wophunzira zachipatala kutauni, anawauza kuti masiku ano munthu amameza kamera.

"Kamera? Ija mumatijambula nayo paukwati?"

"Ayi agogo, kanthu kakang'ono, kutalika kwake mamilimita 26 basi. Anakapanga katswiri wa ku Israel, Gavriel Iddan, ndipo ku America anakavomereza mu 2001. Mukakameza kamatsetsereka m'matumbo kakuwalitsa katochi kake, kakujambula zithunzi ziwiri pa sekondi iliyonse kwa maola 8 kapena kuposerapo. Zithunzizo zimapita kukabokosi komwe amakumangirirani m'chiuno, ndipo adokotala amaonerapo ngati muli chotupa m'matumbo aang'ono."

"Nanga kotulukira?"

"Kotulukira n'komweko, agogo."

"Ndiye mwini kamera amakadikirira kuseri kwa chimbudzi? Amuna anga, sukulu imeneyi tinagulitsira ng'ombe." Anapukuta manja pachitenje. "Chabwino. Ngati kanthuko kamaona khansa isanakule, bwera nato thumba limodzi, mudzi wonse timeze Loweruka."

Pempho la agogoli ndi lomwe ambiri amapereka akamva za chida chatsopano, ndipo yankho loona ndi lakuti ayi, ngakhale limawawa m'khutu. Palibe dziko lomwe limayeza anthu onse khansa ya matumbo aang'ono, ngakhale maiko olemera aja omwe amatumizira nzika zawo makalata oti zikayezetse ya matumbo aakulu. Chifukwa chake si kuumira. Matumbo aang'ono a munthu amatalika pafupifupi mamita 6, ndipo ndiwo gawo lalitali koposa la njira ya chakudya, komabe mwa makhansa onse a m'njirayi, osafika 5 pa 100 ndiwo amayambira mmenemo. Ku America, komwe odwala amalembedwa mosamala, imapezeka mwa anthu 2 kapena 3 pa 100,000 alionse pachaka. Mu 1968 akatswiri awiri, Wilson ndi Jungner, analembera bungwe la WHO mfundo zoyenera kuziona musanayambe kuyeza anthu omwe sakudwala: nthendayo ikhale vuto lalikulu pakati pa anthu, choyezera chikhale choyenera ndi cholandirika, pakhale chithandizo chodziwika kwa opezeka nayo, ndipo ndalama zake zigwirizane ndi phindu. Khansa iyi imakanika pafupifupi pa mfundo zonsezi, ndipo chomwe chimaikanikitsa ndi chimodzi, kusowa kwake.

"Tingoyerekeza, agogo," anatero Yamikani. "Anthu 100,000 ameza makamera. Tinene kuti chidacho chimalakwa kamodzi pa 100, kumaona choipa pomwe palibe. Ndiye kuti anthu 1,000 abwinobwino auzidwa kuti m'mimba mwawo muli chokayikitsa, pamene odwala enieni ndi awiri kapena atatu."

"Awiriwo alibe amayi awo?"

"Ali nawo. Koma 1,000 aja nawonso ali nawo amayi awo, ndipo zomwe ziwachitikire si zamasewera. Kamera ija imangoona, siitha kudula kanyama kokayeza. Kuti atsimikize amalowetsa chipaipi chachitali chokhala ndi mabaluni awiri, chomwe Hironori Yamamoto wa ku Japan anachilengeza mu 2001. Amapopa baluni imodzi kuti igwire khoma, n'kukoka matumbo kuwakwinyira pachipaipicho, n'kusunthanso. Munthu amamugoneka ndi mankhwala, ndipo nthawi zina matumbo amabooka kapena kutuluka magazi. Kamera nayo ikapeza pomwe matumbo athina imakakamira, mpaka kwa ena amachita kuitulutsa ndi opaleshoni."

"Kung'amba munthu chifukwa cha kamera! Ndiye pamaliro ake tizidzati anafa ndi chithunzi?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anamuloza ndi mpeni. "Koma iwe usandinamize. Kuchipatala kuja amatiitana amayi kuti akatipake viniga, tisakudwala n'komwe. Bwanji kumeneko sawerenga 1,000 wakoyo?"

Apa agogo anagwira pamtima pa nkhani, pakuti masamu omwewo ndiwo amavomereza kuyeza kwina n'kukana kwina. Khansa ya khomo la chiberekero ku Malawi imagwira amayi oposa 60 pa 100,000 pachaka, chiwerengero chomwe chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse. Malo ake amaoneka ndi maso, viniga ndi wotchipa, namwino wophunzitsidwa amayeza m'mphindi zochepa, ndipo pomwe payera amapatentha kapena kupaumitsa tsiku lomwelo khansa isanayambe. Katemera wa kachilombo ka HPV koyambitsa khansayi, yemwe dziko lino linayamba kupereka kwa atsikana m'maboma onse mu 2019, amatsekanso njira kumayambiriro. Ndalama yomwe ingagule kamera imodzi yomeza ingayeze amayi ambirimbiri. Choncho wonena kuti anthu onse asamezedwe makamera sakunyoza odwala ochepawo. Akungofuna kuti chida chipite komwe nthenda yaunjikana, ndipo m'matumbo aang'ono nthendayi imaunjikana m'mabanja ndi mwa odwala ena odziwika.

"Alipo omwe amayezedwa asakudwala," Yamikani anapitiriza. "Pali nthenda yakumtundu yotchedwa FAP, yomwe imameretsa timinofu tambirimbiri m'matumbo. Anthu amenewa amawayang'ana kawirikawiri chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, duodenum, chomwe chili pafupi ndi chifu. Mu 1989 Spigelman, ku chipatala cha St Mark's ku London, anakonza njira yowerengera timinofuto, kuchuluka kwake, kukula kwake ndi maonekedwe ake, kuti adziwe woti abwerenso msanga ndi woti adikire. Ina ndi Peutz-Jeghers, yomwe imaonekera ndi timadontho takuda pamilomo. Amenewa ndiwo amameza kamera ija. Palinso odwala Crohn's ndi coeliac, omwe chiopsezo chawo n'chokwererapo."

"Timadontho pamilomo? Zimenezo n'zakwa bambo ako. Kwathu kuchikazi kulibe."

"Palibe ali nato, agogo. Koma mverani izi. Ku Netherlands anamezetsa kamera anthu 200 a nthenda ina yakumtundu, Lynch, omwe sankamva kupweteka kulikonse, n'kulengeza zotsatira mu 2015. Zotupa zomwe zinapezeka zinali zochepa kwambiri, ndipo zonse zinali ku duodenum, komwe chipaipi wamba chodzera kukamwa chimafika. Ngati phindu linachepa chonchi mwa anthu achiopsezo, mudzi wonse uno mungapezemo chiyani?"

"Nanga ife opanda mtundu wa matenda tingokhala manja lende?"

"Ayi, mumvere thupi. Magazi kumangochepa osadziwika kothera, chimbudzi chakuda bii, m'mimba kupota mukangodya, kusanza kobwerezabwereza, kuonda popanda chifukwa. Choipa n'chakuti zizindikirozi zimafanana ndi zilonda zam'mimba kapena njoka zam'mimba, ndiye ambiri amamwa mankhwala miyezi ndi miyezi, mpaka matumbo atatsekeka. Munthu wotere akabwerera kuchipatala kachitatu ndi vuto lomwelo ayenera kufufuzidwa mozama, ndipo pamenepo sikani ndi kamera zimagwira ntchito yake."

Kusowa komweku kumavutitsanso ofufuza zamankhwala, ndipo pano ndi pomwe pali mpata weniweni. M'matumbo aang'ono mumamera makhansa osiyana: adenocarcinoma, yomwe imakonda duodenum, zotupa za neuroendocrine zomwe zimakonda kumapeto, lymphoma, ndi GIST. Odwala ochepa kale aja amagawikanso panayi. GIST inapeza mankhwala ake, imatinib, mu 2002. Koma pa adenocarcinoma, kupatula opaleshoni, madokotala akhala akubwereka mankhwala a khansa ya matumbo aakulu poganiza kuti malowa ndi oyandikana. Kafukufuku wa Michael Overman ku chipatala cha MD Anderson, wa mu 2009, yemwe amatchulidwa kwambiri, anayesa capecitabine ndi oxaliplatin pa odwala pafupifupi 30, ndipo zotupa zinaphwa mwa theka la iwo. Ndi nkhani yolimbikitsa, koma anthu 30 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lina lofananizira. Bungwe la NCCN ku America linatulutsa malangizo apadera a khansayi koyamba mu 2019. Wina angati kubwereka kulibe vuto malinga ngati mankhwalawo akugwira. Vuto lake n'lakuti oxaliplatin amachititsa dzanzi m'zala ndi m'mapazi, nthawi zina losatha, ndipo kumupatsa munthu yemwe chotupa chake chachotsedwa kale popanda umboni woti akumuthandiza ndi kumulipiritsa katundu yemwe mwina sadzamulandira. Mankhwala ena otchedwa pembrolizumab, omwe anavomerezedwa mu 2017 pa chotupa chilichonse chokhala ndi chizindikiro cha MSI-high, amathandiza ena mwa odwalawa, makamaka a Lynch, koma ambiri chizindikirocho alibe.

"N'chifukwa chake maiko anaphatikiza odwala awo," anatero Yamikani. "Kafukufuku wotchedwa BALLAD anasonkhanitsa zipatala za ku Britain ndi France, ndipo Japan inachita wake wofanana naye, kuti aone ngati mankhwala atatha opaleshoni amaletsadi khansa kubwerera. Ena ankalandira mankhwala, ena ankangoyang'aniridwa, ndipo wosankha anali kompyuta, mwamaere."

"Maere! Dokotala wathunthu, zaka zonsezo kusukulu, kenaka azichita maere ndi mimba yanga?"

"Amatero pomwe iye mwini sakudziwa njira yabwino. Akasankha yekha, mankhwala adzapatsa amphamvu, ofooka n'kuwasiya, ndiye amphamvuwo akachira tidzayamikira mankhwala chonsecho anali kale ndi mphamvu zawo. Ndipo palibe amalowa mokakamizidwa. Amakufotokozerani, mumasaina, ndipo mukafuna kutuluka mumatuluka."

Agogo anakhala chete pang'ono akupukusa mutu. "Kompyutayo ili ndi mlamu wake?"

"Ilibe."

"Msuweni? Mnzake wakutchalitchi?"

"Ilibe aliyense, agogo."

"Ndiye ukabwereke, idzatigawire makuponi a feteleza chaka chino."