Alenje analumidwa ku America, kumudzi osamva

Chichewa chinawoloka nyanja kalekale, eni ake akadali kukangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji. Mu 1937, Mark Hanna Watkins anatulutsa buku la malamulo a Chichewa atafunsa mafunso mnyamata wina wophunzira ku Chicago, dzina lake Kamuzu Banda. Mu 1987, Joan Bresnan ndi Sam Mchombo analemba kafukufuku wotchuka m'magazini ya Language, zitsanzo zake zili za njuchi zoluma alenje. Akatswiri a zilankhulo m'mayiko ambiri amawadziwa alenjewa, koma kwathu kuno palibe anapita kukawazonda.

Mkulu wolemba danga lino, amene sukulu anaisiyira pa Fomu 2 chifukwa cha fizi (anzake amati chifukwa cha masamu), wamva zonsezi posachedwa kwa mdzukulu wa mayi ake, mwana wa mlongo wake, wophunzira za zilankhulo ku yunivesite. Aphunzitsi anauza ophunzira kuti aliyense apeze munthu wamba, amufotokozere kafukufuku mpaka amve. Mtsikanayo anaunguza banja lonse nasankha malume ake. Mkuluyu anavala jekete, kuyesa amusankha ngati katswiri.

Poyamba mwanayo anawerenga zomwe analemba, Chingerezi cha mawu ataliatali chokhachokha. Malume ankangogwedeza mutu ngati m'busa wamva pemphero la m'Chilatini. Atafunsidwa chimene atolapo, anayamikira inki ya bolopeni.

Ndiye mtsikana anasintha njira. Analemba papepala kuti "Mtengo wa mango wagwa."

"Malume, tawerengani mokweza."

"Wagwera nyumba, kapena ukunena za kumsika iwe?"

Phunziro linali lomwelo. Pa mtengo wa kumunda mawu amakwera pa "te", pa mtengo wogulira sakwera, koma polemba zonse n'chimodzimodzi. Kukwera ndi kutsika kwa mawu kumeneku ndi kumene Pulofesa Al Mtenje wafufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 2017 iye ndi Laura Downing anatulutsa buku ku Oxford University Press.

Kenaka anafika pa chiganizo chakuti "Pakhomo pafika alendo." Ofika ndi alendo, koma mneni wagwirizana ndi malo, pakhomo pakhala ngati mwininkhani. Mu 1989, Bresnan ndi Jonni Kanerva anadzaza masamba 50 pofotokoza ziganizo zotere. Mkuluyu amanena chiganizochi nthawi zonse pofuna kuti mayi a kunyumba aphe nkhuku, ndipo sanalandirepo ngakhale tambala, kaya satifiketi.

Madzulo ake anakazifotokoza pa bawo, mtengo wake womwewo, mpaka anzake anamupempha asewere kapena apite kwawo.

Ntchito ikugwiridwa ndithu. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies kuyambira 1996, ndipo inatipatsa mtanthauziramawu. Koma kafukufuku wambiri wa Chichewa amalembedwa m'Chingerezi, m'mabuku omwe mtengo wake sugwa. Aphunzitsi a m'mayunivesite, atumizeni anawa ku wayilesi, kumsika ndi ku masukulu a pulayimale, ndipo malikisi muziwapatsa pokhapokha malume akatha kubwereza okha zimene amva. Malume ofuna kuyesedwa alipo ambiri, ndipo jekete ali nalo kale.