Jobs Wosafanana ndi Jobs

Steve Jobs atamwalira mu 2011, a ku Hollywood sanadikire kuti misozi iume. Mu 2013 Ashton Kutcher anavala ndevu, magalasi ngakhalenso kayendedwe ka mwini wake, moti ukanatha kumupatsa moni pamsewu. Mu 2015 kunabwera kanema wa Danny Boyle, momwe Michael Fassbender amafanana ndi Jobs pa chinthu chimodzi chokha, choti onse ndi amuna. Komabe wachiwiriyu ndiye anamugwira pamtima munthuyo.

Ena akudandaula kuti kanemayu ndi bodza, ndipo sakunama kwenikweni. Mlembi wake, Aaron Sorkin, anaika moyo wonse wa Jobs kuseri kwa nsanja patangotsala mphindi zochepa kuti aonetse makina atsopano: Macintosh mu 1984, NeXT mu 1988 ndi iMac mu 1998. Ulendo uliwonse anzake a ku Apple, Steve Wozniak ndi John Sculley, komanso Lisa, mwana wa Jobs, amatulukira ndi milandu yawo ngati achita kuitanidwa kubwalo kwa mfumu. Palibe kampani ingalole zimenezo. Koma zomwe akukanganirana sizopeka. Jobs anakanadi kwa zaka kuti Lisa ndi mwana wake, uku kompyuta ya Apple yotuluka mu 1983 itatchedwa Lisa. Kanema wa Kutcher anatanganidwa ndi kuonetsa Apple ikukula kuchokera m'galaja, nkhani ya mwanayu n'kungoidutsa pamwamba. Wa Fassbender anaimika bamboyo pamaso pa kamtsikanako, kakufunsa za dzina la kompyuta ija, iye n'kumayankha kuti zangochitika mwangozi.