Fupa Siliwola, Komanso Silisunga Chinsinsi

Chibale ndi fupa, sichiwola. Mwambiwu timaukumbukira kwambiri pamaliro, tikafuna kuti amalume amene anakwiya pa nkhani ya munda abwerebe kudzasonkha ya bokosi. Akuluakulu amene anaupeka sankadziwa kuti kudzabwera anthu olitola fupalo n'kupita nalo kulabotale kukalipanikiza ndi mafunso.

Posachedwapa ndinaona momwe magulu ofufuza mibadwo pa intaneti akugwirira ntchito yawo, ndipo mwambi uja unayamba kundiopsa. Mwamuna aliyense ali ndi kachidutswa ka DNA kotchedwa Y, kamene amalandira kwa bambo ake, iwonso kwa bambo awo, kosasintha kwenikweni kwa zaka mazanamazana. Kumaiko kumene dzina la banja limatsata bambo, dzinalo ndi Y zimayenera kuyendera limodzi. Ndiye amuna a dzina limodzi amadzikanda m'tsaya ndi kathonje, n'kukatumiza ku kampani ngati FamilyTreeDNA ya ku Houston, imene inayamba mu 2000. Zotsatira zikatuluka, anthu odzipereka, osalandira ngakhale tambala, amakhala usiku wonse kusanja amunawo m'magulu: awa n'ngakholo limodzi, awa n'ngakholo lina. Ena amakalumikiza zonsezo pa WikiTree, pomwe anthu ambirimbiri akumanga mtengo umodzi wa mibadwo. Ntchito yake n'njokongola. Vuto lili kumunsi kwa mndandanda, kumene kumakhala kagulu ka amuna amene dzina ali nalo, zikalata ali nazo, mphuno ya agogo akuti ali nayo, koma Y wawo sakufanana ndi wa munthu aliyense.

Musaganize kuti zoterezi n'za anthu wamba okha. Mu 2012, akatswiri anakumba pamalo oimikapo magalimoto mumzinda wa Leicester n'kupeza mafupa a munthu wa msana wopindika. Anali Richard III, mfumu ya England imene inaphedwa pankhondo ya ku Bosworth mu 1485. Zaka 527 ali pansi, kumapeto kwake magalimoto akumuimikira pamutu, fupa osawola. Mpaka apa mwambi wathu ukupambana.

Kenako a Turi King ndi anzawo a pa yunivesite ya Leicester anayamba kuyerekeza DNA ya mafupawo ndi ya abale amoyo a mfumuyo. Kuchikazi zinayenda bwinobwino: DNA yotsata amayi inagwirizana ndi ya a Michael Ibsen, mmisiri wa matabwa wobadwira ku Canada, wa mzere wa mlongo wake wa mfumuyo, Anne of York. Kuchimuna anapeza amuna asanu a mzere wa Henry Somerset, amene pa zikalata kholo lawo ndi limodzi ndi la Richard, ndiye mfumu Edward III. Zotsatira zinatuluka mu 2014. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafanana ndi mfumuyo. Ndiponso mwa asanuwo, anayi anafanana, mmodzi anali payekha.

Taganizani. Mabanja amene anali ndi alembi, zidindo, ansembe ndi alonda pakhomo, penapake pa mibadwo yonseyo wina analowera kuzenera, ndipo kosachepera kawiri. Ndani, liti, fupa silinanene. Linangoloza chala n'kukhala chete, ngati mboni yochenjera pabwalo la anyakwawa. Poikanso Richard m'manda mu 2015, amene anakhoma bokosi anali a Ibsen aja, mbale wa kuchikazi. Mchewa aliyense akanawauza zimenezi popanda labotale: pamaliro eni ake ndi akuchikazi, mkamwini ntchito yake n'kuwaza nkhuni.

Ine sindikutsutsa kafukufukuyu. Kwa zidzukulu za anthu amene anagulitsidwa ukapolo, amene mayina a makolo awo anafufutidwa dala, Y ndi kalata imene mwini akapolo sanathe kuwotcha. Chimene ndimachitira chisoni ndi wodzipereka uja, amene analowa ntchitoyi chifukwa chokonda zakale, lero wasanduka nkhoswe ya maukwati a anthu amene anafa kalekale. Akuyenera kulembera mkulu wa zaka 70, amene wathera theka la moyo wake akusonkhanitsa zithunzi za makolo, kumuuza mwaulemu kuti makolowo si ake. Kapena kuti mwina ndi iye yekha wolondola, enawo ndiwo obwera, pakuti zimenezonso zimatheka.

Ndipo si nthawi zonse pamene pamakhala zenera. Kunali ana amasiye amene analeredwa ndi amalume n'kutenga dzina lawo. Kunali amayi amene anakwatiwanso ali ndi mwana kumsana, mwamuna watsopanoyo n'kumulandira osafunsa zambiri. Kunalinso mabanja awiri osadziwana amene anangotenga dzina limodzi. Labotale imaona kuti mzere unaduka, koma siona munthu amene analima, kulipira sukulu ndi kugona kuchipatala chifukwa cha mwana amene sanabereke. Mzere wa munthu ameneyo uyenera kukhalabe pamtengo, wolembedwa ndi inki yofanana ndi ya enawo.

Choncho amene akufuna kukayezetsa akayezetse, koma ayambe wafunsa azakhali akuluakulu. Akangotsokomola n'kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza, ndalamazo mugulire feteleza yemweyo.