Ulemu kwa Matabu Osatsekedwa

Makolo athu adati mlendo ndi mame, pakuti sachedwa kukamuka. Koma iwo adagona asanamuone mlendo wolemekezeka uja wotchedwa tabu, amene ukamlandira m'brawuza Lolemba, ndi lonjezo lakuti udzamuwerenga mawa, umampeza ali phee pomwepo chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, ataitananso abale ake 40, onse atathinana pamwamba paja mpaka maina awo osaonekanso.

Ufumu wake umadziwika pa kadyedwe. Chiyambire 2008, pamene Google idatulutsa brawuza ya Chrome, bwanayu sakonda kupisa dzanja m'mbale imodzi ndi anzake, koma amagawiridwa RAM yakeyake, kuti wina akatsamwa enawo asafe naye. Ndipo mu 2018, chitaululika chilema cha Spectre m'mapulosesa, eni brawuza adamanga malinga pakati pa mawebusayiti, navomereza okha kuti phoso likwera ndi 10 mpaka 13 peresenti. Wokayika adine Shift ndi Esc pamodzi, aone kaundula wa akudya ndi muyeso wa yense, ndipo adzazindikira chifukwa chake laputopu ya 4 GB imaotcha ntchafu, fani ili wiii, mawu amene walemba nkumatulukira iwe utawaiwala. Ndani winanso adaphunzitsa mbadwo waphuma uno kuleza mtima kotere?

Tsoka ilo, adani amuukira. Mu 2021 brawuza ya Edge idayamba kugoneka tulo matabu amene sakugwira ntchito. Mu Disembala 2022 Chrome nayo idabweretsa Memory Saver, kapitao wouma mtima amene amalanda mbale ya aliyense wongokhala, kotero kuti ukamdzutsa mlendoyo amayamba watsegukanso mwatsopano. Pulogalamu ya OneTab imawasesa onse, niwasandutsa mndandanda wa maina patsamba limodzi, ndipo alipo anthu ena opanda manyazi amene amati tingowatseka basi, ofunikawo tiwasunge m'mabukumaki, kumene, tinene zoona, palibe adapitako kukazonda. Komatu choipa chitsata mwini: The Great Suspender, pulogalamu yogoneka matabu, mdani wotchuka koposa, idachotsedwa ndi Google mu Febuluwale 2021, itapezeka ndi pulogalamu yoononga m'kati mwake.

Odala ali iwo osatseka, pakuti ngakhale makina awachitira umboni: pafoni ya Android, matabu akapitirira 99, Chrome imaleka kuwerenga, ndipo m'kabokosi ka nambala muja imangoikamo :D, kankhope koseka.