Mana Aja Ankagweranjibe?

Funso langa ndi laling'ono, mwina mwana wa Sande sukulu angaliyankhe. Aisraeli atapembedza mwanawang'ombe wagolide uja, kutacha m'mawa anadya chiyani?

Mose anali atatha masiku 40 paphiri la Sinai. Anthu atatopa n'kudikira anavula ndolo zawo, Aroni n'kuwapangira fano, iwo n'kuyamba kuvina. Apa n'kuti miyezi iwiri isanathe chilonjezereni kuti adzamvera zonse. Mose potsika anaphwanya magome amiyala a malamulo aja. Ine ndimayesa kuti pangano lathera pomwepo. Komatu Baibulo limati mana anagwa zaka 40, kupatula pa Sabata, mpaka anthuwo analowa m'Kanani. Ndiye kuti amene ankavina dzulo anadzuka m'mawa kukatola chakudya cha Mulungu yemwe anamukana uja. Anawapatsiranji?

Ku Kadesi zinachitikanso. Mwa azondi 12 amene anakazonda Kanani, khumi anaopseza anthu, mpaka khamu lonse linafuna kusankha mtsogoleri wina wolibweza ku Igupto. Chiweruzo chinali chowawa: onse a zaka 20 kupita m'tsogolo adzafera m'chipululu, kupatula Yoswa ndi Kalebe. Koma pa zaka zonsezo zovala zawo sizinathe, mapazi awo sanatupe. Munthu amene mwamuuza kale kuti sakafika, mumamusamaliranji mapazi?

Kwathu kuno ankhoswe amakhala a mbali zonse ziwiri, ndipo banja likavuta aliyense amayankhira wake. N'chifukwa chake Genesis 15 imandizunguza mutu. Mulungu popangana ndi Abramu, Abramuyo anadula nyama pakati, monga ankachitira anthu a nthawiyo popangana, kuti opanganawo adutse pakati pa zidutswazo. Kenako anagwidwa tulo tofa nato. Chimene chinadutsapo ndi ng'anjo yofuka utsi ndi muuni wamoto basi. Abramu sanapondepo. Kodi ndiye kuti Mulungu anasenza yekha mbali zonse ziwiri? Kodi ankadziwiratu kuti zidzukulu za munthu wagonayu sizidzakwanitsa?

Pamene mtima wanga umalemera ndi apa. Tsiku la fano lija Alevi anapha anthu pafupifupi 3,000. Amenewo mana a m'mawa mwake sanawaone. Mose mwiniwake, amene anapempherera anthuwo kuti asawonongedwe, dziko lolonjezedwa anangolionera patali ali paphiri la Nebo. Abusa, tandithandizeni: chifundochi chinali cha mtundu wonse kapena cha munthu aliyense payekha? Mayi amene mwana wake anali m'gulu la 3,000 lija, akanauzidwa kuti Mulungu ndi wokhulupirika, akanayankha bwanji? Sindikufunsa monyoza ayi. Ndimakhulupirira Mulungu ameneyu, n'chifukwa chake sindifuna kuwalumpha mavesi amenewa ngati mulibemo.

Ndiye pali Yeremiya. Asilikali a Nebukadinezara atazinga Yerusalemu, iye ali m'ndende, Mulungu anamuuza kuti agule munda wa mbale wake Hanameli ku Anatoti. Analipira masekeli 17 asiliva, anaitana mboni, makalata ake n'kuwasungitsa mumtsuko wadothi kuti akhalitse. Ndani amagula munda m'dziko limene adani alilanda kale? Yeremiya yemweyo ndiye ankalalikira kuti mzindawo ugwa, ndipo unagwadi, kachisi n'kutenthedwa, anthu n'kutengedwa ukapolo ku Babulo. Nanga Mulungu amene ankawatulutsa m'dzikomo ankasungitsiranji makalata a munda?

Ine ndikuona kuti Mulungu ameneyu amalanga ndithu, ndipo chilango chake chimapweteka, koma pa mawu amene anapatsa Abramu sabwerera m'mbuyo. M'chaka cha 538 Yesu asanabadwe, Koresi mfumu ya Perisiya analola Ayuda kubwerera kwawo. Tsegulani Ezara mutu 2 muwerenge mndandanda wa obwererawo. Anthu a ku Anatoti alimo, okwana 128.