Mtengo wa Mafuta ndi Chisankho, Monga Zimaonekera pa Benchi ya ku Majaua

Funso lakuti kodi mtengo wa mafuta a galimoto umatsika chifukwa chakuti chisankho chayandikira ndi limodzi mwa mafunso amene akatswiri a pamsika wa Majaua akhala akulimbana nawo kwa zaka zambiri, ndipo akatswiri amene akunenedwa pano ndi amuna onse amene amaswera pa benchi podikira kuti mtengo wa nandolo ukwere. Mlembi wa nkhani ino ndi mmodzi mwa iwo, ndipo chomuyenereza kulemba za mafuta n'chakuti alibe galimoto, njinga yamoto ngakhale chigayo, kotero kuti palibe amene angamunene kuti thumba lake lamupotoza maganizo.

Majaua ndi dera la m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia, ndipo mtsinje wa Ruo ndiwo umalilekanitsa ndi Malawi, zimene zimapatsa wofufuza mwayi umene anzake a ku Maputo ndi ku Lilongwe alibe, wotsatira zisankho za mayiko awiri pa wayilesi imodzi. Ku Mozambique mtengo umalengezedwa ndi ARENE, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, pamene ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la MERA. Mabungwe onse awiri amawerengera zinthu zofanana, zomwe ndi mtengo wa mafuta pamsika wa dziko lonse umene umakhala m'madola, mphamvu ya ndalama ya dziko poyerekeza ndi dolayo, misonkho, phindu la ogulitsa, komanso ndalama zonyamulira kuchokera kumadoko monga Beira ndi Nacala. M'masamu amenewa mulibe mzere wolembedwa kuti mavoti, koma akatswiri a pa benchi amati kusowa kwa mzerewo ndiwo umboni waukulu wakuti ulipo.

Kukayikira kwawo kuli ndi poyambira. Pa 5 Febuluwale 2008 mzinda wa Maputo unawira pamene mitengo ya chapa, omwe ndi maminibasi onyamula anthu, inakwezedwa kutsatira kukwera kwa mafuta, ndipo boma linabwerera m'mbuyo. M'chaka cha 2009, chimene chinali cha chisankho, mtengo wa mafuta unaimitsidwa pamalo amodzi boma likulipira makampani ndalama zimene ankaluza. A Armando Guebuza, amene anali pampando, anapambana mu Okutobala, mitengo inakwera kangapo mu 2010, ndipo pofika 1 Seputembala chaka chomwecho anthu anali m'misewu kachiwiri, ulendo uno buledi ndi madzi zili m'gulu la madandaulo. Kutsidya kwa Ruo, petulo anafika pa K2,530 pa lita mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo anakhala pomwepo osagwedezeka mpaka chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chitadutsa, kenaka kumayambiriro kwa Okutobala anadumphira pa K3,499.

Wowerenga wachidwi aona kuti m'zitsanzo ziwirizi mtengo sunatsike, unangoima. Boma limene likuyandikira chisankho limachita ngati mkamwini amene wagwidwa ndi chifuwa pamaso pa apongozi: amadziletsa mpaka misozi kulengeza m'maso, ndipo akangotulukira kuseri kwa nyumba amakhosomola moti mudzi wonse umamva. Kudziletsako sikuchitika ulere, pakuti makampani oitanitsa mafuta akamagulitsa moluza, kwinaku madola akusowa, mapampu amauma, ndipo woyendetsa galimoto amagona pamzere akuyang'ana chikwangwani cholembedwa mtengo wabwino wa chinthu chimene kulibe. A Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa Malawi, anasunga mtengo kwa miyezi yoposa makumi awiri ndipo anagonjabe, mfundo imene pa benchi imamvetseredwa mwaulemu kenaka n'kuiwalidwa.

Nthawi zimene mtengo unatsikadi ndizo zimasautsa kwambiri chiphunzitso cha akatswiriwa. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege ndi mafakitale, mafuta osayenga anasowa ogula mpaka pa 20 Epulo mtengo wake pamsika wa ku New York unatsika kupyola ziro, kutanthauza kuti wogulitsa ndiye ankalipira munthu woti amulandire katunduyo, dongosolo limene mlembi wakhala akulifunira msika wa Majaua kwa nthawi yaitali, iye ali mbali ya wogula. Ku Malawi petulo anatsika kuchoka pa K930 kufika pa K690.50 pofika mwezi wa Meyi, chisankho chobwereza cha pa 23 Juni chili pafupi, ndipo pa benchi panalibe wokayika kuti imeneyo inali kampeni. Kuti munthu avomereze zimenezi ayenera kuvomerezanso kuti boma la ku Lilongwe linali ndi mphamvu zoimitsa ndege za dziko lonse lapansi pofuna mavoti a ku Thyolo, ndiponso kuti litachita zodabwitsa zonsezo linagonja, pakuti a Peter Mutharika, amene anali pampando, sanapambane.

Ku Mozambique nako kalendala sikugwirizana ndi chiphunzitsocho. Chisankho chinachitika pa 9 Okutobala 2024, zotsatira zake zinatsutsidwa ndi a Venâncio Mondlane ndipo zionetsero zinatenga miyezi, a Daniel Chapo analumbiritsidwa pa 15 Januwale 2025, ndipo mu Febuluwale ndi pamene ARENE inatsitsa dizilo kuchoka pa mametikali 91.23 kufika pa 86.79, petulo kuchoka pa 86.25 kufika pa 85.82. Mavoti anali atawerengedwa kale, koma kudandaula za kukwera mtengo kwa zinthu kunali kusanathe m'misewu, ndipo mlembi akuona kuti maboma amaopa matayala oyaka pamsewu koposa bokosi loponyera voti, pakuti bokosilo limabwera kamodzi pa zaka zisanu pamene tayala lakutha limapezeka tsiku lililonse.

Komabe manambala a ARENE amenewa ndi a m'mizinda ya kumadoko, ndipo kuti afike ku Majaua ayenera kudutsa mwa woyang'anira mitengo wachitatu, amene sanakhazikitsidwe ndi lamulo lililonse, yemwe ndi mnyamata wogulitsa petulo m'mabotolo a pulasitiki patebulo la m'mbali mwa msewu. Kutsika kwa petulo kwa mu Febuluwale 2025 kunali kwa masentavo 43, ndipo popeza sentavo ndi ndalama imene mlembi amangoidziwa kudzera m'mabuku a sukulu a ana ake, kutsikako kunathera panjira. Kafukufuku wa pa benchi waonetsanso kuti uthenga wa kukwera mtengo umafika tsiku lomwelo pafoni, pamene wa kutsika umabwera wapansi, chifukwa wa mabotolo amati katundu wake anamugula pamtengo wakale, ndipo wakabaza amatchula matope a m'dzinja, tcheni ndi matayala, zifukwa zimene mwatsoka zimakhala zoona. Mlembi akayesa kugwiritsa ntchito maphunziro ake ponena kuti, "Achimwene, wayilesi yati mafuta atsika," yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Akuluakulu, kwerani wayilesiyo ikakutuleni ku Milange."

Chida chodalirika chopimira ndale za mafuta m'dera lino ndi chigubu, pakuti mbali imene zigubu zikulowera powoloka malire imasonyeza dziko limene mapampu ake auma, monga zinalili mu 2011 ndi 2012, m'masiku otsiriza a ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, pamene Amalawi ankadzasaka mafuta ku Milange. Malondawa ndi oletsedwa, ndipo mlembi amangowatchula chifukwa cha sayansi.

Pali nthawi imodzi yokha imene mafuta amatsikadi chifukwa cha chisankho popanda wotsutsa, ndiyo tsiku la msonkhano wa chipani, pamene anyamata a njinga zamoto amathiriridwa petulo waulere kuti azungulire ndi mbendera akuliza mahutala. Pa tsiku lotero njinga zonse zimakhala kumsonkhano, yotsalayo imatchula mtengo umene yafuna, ndipo mayi a kunyumba kwa mlembi, amene sawerenga kalendala ya zisankho, amasankha tsiku lomwelo kumuuza kuti, "Bambo a ana, ufa watha, thumba lili pakhondepo." Katswiriyo amasenza chimanga pamutu kulowera kuchigayo, mbendera zikumudutsa ndi kumuthira fumbi, ndipo akafika amapeza kuti mtengo wogayitsa ukadali wa nthawi imene dizilo anali pa 91.23.