Kuona Fisi Si Kubadwa Kale

Nyama iliyonse ili ndi nthawi yake yotulukira, ndipo nthawiyo imayendera kuwala, kutentha ndi mantha. Akale ankati kuona fisi si kubadwa kale koma kuyenda usiku, kutanthauza kuti imvi pazokha sizidziwitsa munthu kanthu. Amadziwa chinthu ndi amene adapezekapo pa nthawi yake. Kwa Mfumu Tembwe, m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, mwambiwu suvuta kuumva, pakuti minda ya kumeneko imalandira alendo osaitanidwa amene amasinthana mashifiti popanda kapitawo.

Anyani ndi a usana. Amagona m'mitengo, kukacha n'kutsikira m'chimanga. Mbalame zimagwera mpunga, umene Chama amatchuka nawo, makamaka m'mawa ndi madzulo. Kashembe, amene amafalitsa kaodzera, nayenso amaluma kukuwala, koma mu Okutobala, kutentha kukafika madigiri 40, masana amakabisala pamthunzi.

Chisisira chikagwa, mvuu imavuuka. Khungu lake limataya madzi msanga padzuwa, n'chifukwa chake imaswera m'madzi n'kumadya usiku, msipu wokwana makilogalamu pafupifupi 40. Munda ukapezeka panjira yake, siifunsa mwini wake. Za njovu n'zina. Mwachibadwa imadya usana ndi usiku womwe, koma kuminda imakonda kubwera mumdima, chifukwa idaphunzira kuti mwini munda amagona. Mlimi naye adaphunzira kusagona: amamanga nsanja, amasonkha moto, amaomba zitini, amafukiza tsabola. Ali pansanjapo, udzudzu wa malungo, womwe ntchito yake ndi ya usiku, umamupeza alibe neti. Mwezi nawo uli ndi mbali yake, pakuti mkango umagwira bwino nyama mumdima wa ndiweyani kusiyana ndi pamene mwezi ukuwala.

Sikuti nyamazi zimangoyang'ana kumwamba. M'thupi mwake muli wotchi yoyenda maola pafupifupi 24, yomwe kuwala kwa dzuwa kumangoikonza tsiku ndi tsiku. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan adasunga atambala m'kuwala kochepa kosasinthasintha, ndipo atambalawo adapitiriza kulira pa nthawi yofanana ndi m'bandakucha. Mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young adalandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza momwe wotchi imeneyi imayendera, pofufuza tintchentche ta m'zipatso. Tambala wa ku Tembwe, amene wakhala akusunga nthawi yomweyo chiyambire, mphoto yake ndi mpeni mlendo akafika.

Munthu ndiye wasokoneza ndondomeko yonse. Mu 2018 Kaitlyn Gaynor ndi anzake adasonkhanitsa zofufuza 76 zokhudza mitundu 62 ya nyama zoyamwitsa, napeza kuti kumene kuli anthu, nyama zambiri zimasunthira zochita zake kuusiku. Zidamusiyira munthu usana wonse kuti pasakhale mkangano. Koma munthu, amene thupi lake ndi la usana, watenga tochi n'kuzitsata komweko. Kudabwera sola, kudabwera foni, ndipo mpira wa ku Ulaya umatha anthu atagona kale tulo toyamba. Kuwala kolowa m'maso usiku kumachedwetsa melatonin, mankhwala a m'thupi oitana tulo, motero mutu umayesa kuti kunja sikunade pomwe kadzidzi ali kale pakati pa ntchito.

Apa ndi pamene mwambi uja wapeza mavuto. Mnyamata wa masiku ano, pamene netiweki ikugwira, amayenda usiku wonse ali chigonere pamphasa: wafika ku Lusaka, wadutsa ku Johannesburg, wakangana ndi munthu wa ku London pa Facebook za penate. Afisi wawaona ambiri kuposa agogo ake, ena akulimbirana nyama ndi mikango, ena ataikidwa nyimbo. Kubadwa kale sadabadwe, usiku wayendadi, fisi wamuona. Zonse zimene mwambi umafuna wakwaniritsa. Komabe atamuonetsa phazi pamchenga kuseri kwa khola la mbuzi, sangasiyanitse la fisi ndi la galu wa m'mudzi, ndipo fisi weniweni akalira kumene, mnyamatayo samva chifukwa m'makutu muli mahedifoni.

Akale ankanena za kuyenda ndi miyendo, ndipo woyenda usiku ankabwerako ndi nkhani ya kumene njovu zadutsa ndi munda umene uli pangozi. Woyenda ndi chala amabwerako ndi batire lakutha ndi maso ofiira. Anyani alibe foni. Amagona dzuwa likalowa, amafika kumunda litangotuluka, ndipo chimanga cha mlonda wodzuka 9 koloko amakolola ndi iwo.